WOIMBA YEKHA NDI OMUWERUZA: MBIRI YA MKANGANO WA MUYESO WA KAIMBIDWE

Pakati pa amisiri onse a m'dziko muno palibe amene nchito yace iweruzidwa msanga ndi poyera monga ya munthu woimba yekha. Wosula akasula khasu, ubwino wace udziwika dzinja litafika. Woumba mbiya adziwika tsiku limene mbiyayo ikhala pamafuwa. Koma woimba bangwe kapena gitala pakati pa anthu alandira ciweruzo cace nyimbo isanathe. Akadakhala m'kwaya kapena m'gulu la ng'oma, colakwa cace cikadabisala m'mau a anzace. Popeza ali yekha, alibe pothawira. Ndiponso ciweruzoco cikhudza mimba yace, pakuti anthu akacoka osamfupa, iye agona ndi njala.

M'nkhani ino tilondola mbiri ya funso limene labvuta oimba otere kwa zaka zoposa zana limodzi: kodi kaimbidwe kabwino tikazindikira ndi ciani, ndipo ndani ali ndi mphamvu yonena kuti uyu adziwa kuimba, uyo sadziwa? Tidzaona kuti mlanduwu wazengedwa m'mabwalo osiyanasiyana, pamudzi, kumishoni, kwa ojambula mau, kuwailesi ndi pamsika, ndipo bwalo liri lonse linali ndi muyeso wacewace. Inu amene mukukonzekera uphunzitsi muyenera kuidziwa mbiri imeneyi, cifukwa posacedwa mudzakhala oweruza inu eni. Mudzasankha nyimbo za tsiku lotsekera sukulu, mudzapereka malikisi pa mpikisano, ndipo tsiku lina mwana adzabwera ndi banjo ya citini nadzayang'ana nkhope yanu kuti aone ngati mukondwera kapena munyansidwa.

Bwalo la Pamudzi

Kuimba kwa munthu mmodzi sikunayambe ndi gitala. Makolo athu anali nazo zoimbira za munthu mmodzi: bangwe, kaligo wa nsambo imodzi, kalimba, ndi mkangala umene atsikana aimba pakamwa akakhala okha. Bangwe ndi thabwa lopyapyala limene akungapo nsambo zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, ndipo mbali imodzi ya thabwalo aiika m'cikho kapena m'citini kuti mau akule. Ambiri oimba bangwe anali anthu oyendayenda, ena mwa iwo osaona, amene anapeza cakudya cao poimba pamowa ndi m'makonde a anthu. Malipiro ao anali kufupidwa: cipanda ca mowa, nsengwa ya ufa, nkhuku, ndipo m'zaka za pambuyo makobiri.

Bwalo limeneli linalibe malamulo olembedwa, koma muyeso unalipo, ndipo tingathe kuupeza pomvetsera mau amene anthu ayamikira nao kapena kunyoza nao woimba kufikira lero. Coyamba, mau amveke. Cinenero cathu cisiyanitsa matanthauzo ndi kukwera ndi kutsika kwa liu: mtengo wa m'nkhalango sitiuchula monga mtengo wa pamsika, ngakhale polemba afanana. Woimba amene nyimbo yace ipotoza kukwera ndi kutsika kumeneku amveka ngati mlendo wophunzira cinenero. Caciwiri, nyimbo ikhale ndi nkhani, ndipo nkhaniyo aiphiphiritse, kuti mwamuna waulesi kapena nyakwawa yokondera imve kuti ikunenedwa koma isapeze pogwira mlandu. Cacitatu, anthu athe kuibvomera. Nyimbo imene omvera alephera kuilandira ifera m'kamwa mwa mwini wace. Cacinai, zala zisaphonye, ndipo nsambo zikhale zokungika bwino.

Kudzudzula kwa pamudzi kunali kosabisa. Amai akakondwa aimba nthungululu. Akapanda kukondwa ayamba kuceza nkhani zao, ndipo mmodzimmodzi anyamuka. Koma tisaganize kuti bwaloli linalibe cinyengo. Pamowa makutu sacedwa kugontha, ndipo woimba wocenjera anadziwa kuti kutamanda mwini mowa kubala cipanda msanga koposa luso la zala. Cotero ngakhale pamudzi panali kusiyana pakati pa woimba wokondedwa ndi woimba waluso, ndipo kusiyana kumeneku ndiko gwero la mkangano wonse umene tikuulondola.

Muyeso wa Kumishoni

Mishoni ya Livingstonia inayamba m'caka ca 1875, ya Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed anamanga pa Mvera mu 1889. Pamodzi ndi kuwerenga ndi kulemba, masukulu a mishoni anaphunzitsa kuimba kwa do-re-mi, kuimba m'mau anai, kuima cilili osagwedezeka, ndi kutsata limba. Apa panabadwa muyeso wacilendo, wolembedwa m'buku, umene pambuyo pace panali mphamvu ya mphunzitsi ndi ya mpingo.

Muyeso uwu unabweretsa zabwino zimene sitingazikane: anthu anaphunzira kulemba nyimbo kuti isaiwalike, ndi kuyeseza kawirikawiri asanaime pamaso pa anthu. Koma unabweretsanso zolakwa ziwiri. Coyamba, nyimbo zambiri za m'chalichi zinamasuliridwa kucokera ku Cingerezi ndi kuikidwa pa maimbidwe a ku Ulaya, osasamala kukwera ndi kutsika kwa mau athu, kotero kuti cimene pamudzi cinali colakwa cacikulu, kusukulu cinasanduka cizolowezi. Caciwiri, khutu lozolowera limba linayamba kumva zoimbira za makolo ngati zophonya. Koma amene anaziyesa mosamala pambuyo pace anapeza kuti ziri ndi dongosolo lao. Ulimba wa ku Cigwa ca Shire, umene Asena aucha valimba, ugawa mau ace m'makwerero asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, pamene makwerero a limba ali ena aatali, ena aafupi. Wosema ulimba saphonya do-re-mi, pakuti sanali kumfuna nkomwe. Atsata muyeso wina. Ndipo popeza bangwe ndi kaligo zinali kumveka kawirikawiri pamowa, mipingo yambiri inaziyesa zosayenera Mkristu, kotero kuti kuweruza luso kunasakanizika ndi kuweruza khalidwe.

Komabe si amishoni onse anaganiza motero. Donald Fraser, amene anagwira nchito pa Loudon, ku Embangweni, kuyambira 1902 kufikira 1925, analimbikitsa Angoni ndi Atumbuka kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a kwao, nacititsa mipikisano ya opeka nyimbo. M'nchito imeneyi munachuka anthu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole. Citsanzo ici citiphunzitsa kuti mpikisano pa wokha ulibe mlandu. Kanthu ndi muyeso umene woweruza wagwira m'manja.

Machona, Asilikali ndi Mbale za Galamafoni

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 amuna ambiri a dziko lino anapita kukagwira nchito ku migodi ya ku Joni, m'minda ya Azungu ndi m'mizinda ya Southern Rhodesia, ndiponso pambuyo pace ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia. Obwerera, pamodzi ndi asilikali a King's African Rifles amene anadza kwao nkhondo itatha mu 1945, anabwera ndi magitala, mabanjo ndi magalamafoni. M'mbale za galamafoni anyamata anamva oimba a ku America monga Jimmie Rodgers, anamvanso kaimbidwe ka ku Hawaii kotsetsereketsa kacitsulo pa nsambo, kamene kuno kanachedwa hauyani, ndipo Ndiche Mwarare anachuka nako. Osowa ndalama anadzipangira mabanjo ndi mtengo, citini, cikopa ca mbuzi ndi waya. Madzi atagumuka m'phiri la Zomba mu December 1946, abale a kwa Paseli anaimba nyimbo ya Napolo, imene ionetsa bwino cimene cinali kucitika: coimbira ca kunja, nkhani ya kwathu.

Mkangano watsopano unabuka. Kwa akulu a pamudzi gitala inali phokoso la machona, lopanda mwambo. Kwa ophunzira a kumishoni anyamatawa anali ongokanda nsambo osadziwa manotsi. Anyamata eni ace anayesa bangwe cinthu ca agogo. Motero woimba gitala anatsutsidwa ndi mabwalo awiri akale nthawi imodzi, pa zifukwa zotsutsana: kwa ena anali Mzungu kwambiri, kwa ena sanafike pa Mzungu.

Bwalo lacitatu linali la makampani a mbale, makamaka a ku Johannesburg monga Gallo. Mbale ya masiku amenewo inali kutenga mphindi zitatu zokha mbali imodzi, cotero nyimbo imene pamudzi ikadapitirira malinga anthu akuibvomera inayenera kudulidwa. Funso la kampani linali limodzi: kodi mbale igulidwa? George Sibanda wa ku Bulawayo, woimba gitala yekha amene anajambulidwa koyamba mu 1948, anamveka mwa njira iyi kufikira ku Kenya. Koma mwambo wa nthawiyo unali wakuti woimba Wakuda alandira ndalama kamodzi kokha, tsiku lojambula, mbale zigulidwe zambiri kapena zocepa. Spokes Mashiyane, katswiri wa citoliro ca kwela, ndiye akumbukiridwa kuti anayamba kulandira gawo pa mbale zogulidwa, atalowa ku Gallo mu 1958. Kucokera pamenepo funso la luso ndi funso la malipiro sanalekanenso.

Kalumo ka Mlendo

Hugh Tracey, Mngerezi wobadwa mu 1903, anafika ku Southern Rhodesia ali mnyamata kudzalima, naphunzira Cikaranga ndi nyimbo zace kwa anchito a m'munda. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music pafupi ndi Johannesburg, nyumba yosungiramo nyimbo imene inasamukira ku Rhodes University mu 1978. Anayenda m'maiko ambiri ndi galimoto yonyamula makina ojambulira mau, ndipo m'dziko muno anajambula mu 1950, 1957 ndi 1958. Mbale zace zoposa 200 zochedwa Sound of Africa zisunga mau a oimba bangwe, kalimba ndi zina amene, pakadapanda iye, tikadangomva mbiri yao.

Tracey anabweretsa kuyamikira ndi kudzudzula kolembedwa. Analemba dzina la woimba, kwao kwace ndi tanthauzo la nyimbo, ndipo anayesa makwerero a coimbira ndi tizitsulo toyesera mau. Bungwe la African Music Society, limene iye anathandiza kuyambitsa, linali kupereka mphotho yochedwa Osborn pa nyimbo zopambana za caka. Muyeso wace unali wakuti nyimbo yabwino ndi yomera m'cinenero ndi m'mwambo wa woimbayo, ndipo anadandaula kawirikawiri kuti nyimbo zambiri za m'mizinda ndi za kusukulu zingotsanzira za kunja.

Koma khutu lace linaposa lamulo lace. Mu 1952, ku Jadotville, mzinda wa ku Katanga umene lero uchedwa Likasi, anajambula mnyamata woimba gitala, Mwenda Jean Bosco, ndi nyimbo yace yochedwa Masanga. Coimbira cinali ca Azungu, mnyamatayo anali wa m'tauni, koma nyimboyo inalandira mphotho ya Osborn. Mu 1961 ndi 1962 David Rycroft anasindikiza m'magazini ya African Music kufotokoza kwa kayendedwe ka zala za Bosco, naonetsa m'mene cala cacikulu ndi cala colozera zilukira maimbidwe awiri pamodzi. Apa panaoneka kuti cimene cipanga nyimbo kukhala yathu ndi maganizo oyendetsa zala, coimbira cicokere kuli konse.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Tracey kanatimeta bwino pa zambiri. Komabe tikumbukire kuti osankha mphotho zija anali kukhala kutali ndi mabwalo kumene nyimbozo zinabadwira, ndi kuti kufuna nyimbo yosasakanizika, kukadatsatidwa kotheratu, kukadatsekera kunja oimba ambiri amene lero tiwanyadira.

Wailesi ndi Mlonda wa Pakhomo

Kuulutsa mau kwa anthu a m'cigawo cino kunayamba ku Lusaka mu 1941, ndipo nkhondo itatha nyumbayo inakula nichedwa Central African Broadcasting Station, yotumikira Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1949 kunafika kawailesi kooneka ngati sefuliya, kochedwa Saucepan Special, kogulidwa ndi mapaundi asanu, ndipo nyimbo zinayamba kulowa m'nyumba za anthu wamba. Pologalamu yochedwa Zimene Mwatifunsa inali kuimba nyimbo zimene omvera anapempha m'makalata, motero mulu wa makalata unasanduka muyeso watsopano, wotheka kuwerenga ndi manambala.

Munthu amene anaima pakati pa miyeso yonseyi ndiye Alick Nkhata, wobadwa mu 1922, amene atate wace anali Mtonga wa kuno. Atabwera ku nkhondo ya ku Burma anagwira nchito yojambula nyimbo pamodzi ndi Tracey, kenaka nalowa ku wailesi ya Lusaka. Iye anatenga nyimbo za kumudzi, m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina, naziika pa gitala ndi mau olumikizana bwino, kotero kuti wa kumudzi anazindikira nyimbo yace ndipo wa m'tauni sanacite nayo manyazi. Anafa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anathira nkhondo dera la Mkushi.

Dziko lino litalandira ufulu mu 1964, Malawi Broadcasting Corporation inakhala wailesi yokhayo ya m'dziko muno kwa zaka makumi atatu. Inagwira nchito yaikulu yojambula oimba ndi kuwamveketsa kucokera ku Nsanje kufikira ku Chitipa. Mwa njira iyi anthu anadziwa Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona, katswiri wa banjo. Michael Yekha, amene dzina lace lomwe linena za kaimbidwe kace. Stonard Lungu, Snowden Ibu ndi ena. Koma pamene khomo liri limodzi, mlonda wa pakhomo asanduka mfumu, ndipo woimba wokanidwa analibe kwina kopita. Ndiponso mu 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lochedwa Censorship and Control of Entertainments Act, limene linapatsa bungwe la Boma mphamvu yoletsa nyimbo, mabuku ndi masewero. Kuyambira pamenepo funso lakuti nyimbo iri yabwino kapena iai linaphimbidwa ndi lina, lakuti kodi siidzagwetsa wina m'mabvuto. Oimba anabwerera ku luso lakale la kuphiphiritsa, naimba za ana amasiye, za ufiti ndi za mabanja, omvera namva zimene zinali kuseri kwa mau. Kudzudzula poyera kunazirala, pakuti kunena kuti nyimbo yotamanda atsogoleri yapekedwa moipa kunali kudziputira ngozi. Ndipo kuchuka pa wailesi sikunadzaze nkhokwe: Namoko anamwalira mu 1995 ali wosauka, ngakhale dzina lace linali lodziwika dziko lonse.

Mlandu wa Abale a kwa Kachamba

Palibe mbiri yoonetsa kusagwirizana kwa mabwalowa koposa ya Daniel Kachamba, wa m'mudzi wa Singano ku Chileka, amene anabadwa mu 1947. Ali mwana banja lao linakhala ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare, kumene anamva kwela ndi magule ena a kumwera. Atabwerera kwao, iye ndi mng'ono wace Donald anayamba kuimba m'miseu ndi m'malo osangalalira a ku Blantyre ndi midzi yozungulira. Mu 1967 Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, anawapeza akuimba mu Blantyre nayamba kuwajambula.

Tiyeni tiwaimike pa bwalo liri lonse tione. Kwa wotsata buku anali olakwa kawiri: gitala ya Daniel inali ndi nsambo zisanu, imodzi atacotsa dala, ndipo citoliro anali kucilowetsa m'kamwa mopendeketsa, culoza kutsaya, mosiyana ndi m'mene aphunzitsira kusukulu. Kwa wofuna nyimbo za makolo zokhazokha anali otsanzira a ku Joni. Kwa wogulitsa mbale anali otsalira, pakuti ku South Africa komweko kwela anali atazirala ndipo anthu anali kufuna simanjemanje. Kwa wodutsa mumseu anali anyamata ofuna makobiri basi.

Koma Kubik atakhala nao pansi ndi kufunsa eni ace, anapeza kuti ciri conse cinali ndi colinga. Kupendeketsa citoliro kulola woimba kukoka liu, kulikweza kapena kulitsitsa pang'ono monga acitira munthu pakhosi, ndi kulikuza kuti limveke pabwalo. Gitala inali ndi makungidwe angapo, ali onse ndi dzina lace, ndipo magule monga sinjonjo, lumba ndi simanjemanje anali ndi kagundidwe kosiyana kamene oimbawo anakadziwa bwino lomwe. Ndiye kuti anyamatawa anali nao muyeso wao wokhwima umene anali kudziyesa nao okha, ngakhale panalibe sukulu imene inauzindikira. Kubik analemba zimenezi m'buku la The Kachamba Brothers' Band, limene linatuluka m'Cingerezi mu 1974.

Abalewa anakaimba ku Ulaya mu 1972. Daniel anakula nakhala mmodzi wa oimba gitala okha opambana m'cigawo cino, ndipo anthu anayamba kumucha Dokotala. Anamwalira mu 1987, caka comwe ku Zomba kunasindikizidwa buku la Malawian Music: A Framework for Analysis, limene Kubik analemba mothandizana ndi Moya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba. M'buku limeneli woimba anakhala pa mpando umodzi ndi ofotokoza nyimbo, pamene kale anali wongofotokozedwa. Donald anakaphunzitsanso ku University of California, Los Angeles, asanamwalire mu 2001. Tsono dziwani ici: luso la Daniel linali lomwelo asanaoloke nyanja ndi atabwerako. Cimene cinasintha ndi makutu a omvera, ndipo dziko limene liyembekeza mlendo kuti aliuze mtengo wa ana ace lidzataya ambiri amene mlendo sanadutse pakhomo pao.

Makomo Ataculuka

Ulamuliro wa cipani cimodzi utatha mu 1994, makomo anaculuka. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo ndi zolemba, linali litayamba kale mu 1992. Mawailesi ena anatsegulidwa. Wailesi ya kanema inayamba mu 1999. Makaseti anadzaza misika. Pambuyo pace kompyuta inalowa m'nyumba zojambulira, kotero kuti munthu mmodzi atha kutulutsa mau a gulu lonse, ndipo makina atha kuongola liu la wophonya. Dandaulo linatembenuka: kale oimba analira kuti mlonda ndi wouma mtima, tsopano alira kuti pakhomo palibe mlonda.

Muyeso wa pa intaneti ndi ciwerengero ca oonera, mdzukulu wa mulu wa makalata wa ku Lusaka uja. Uli ndi cilema cace, pakuti uwerenga cidwi, ndipo cidwi cikopeka ndi nyimbo yonyansa monga ndi yabwino. Komabe nthawi zina ubweza ngongole zakale. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, anaimba zaka zambiri osapata kanthu kooneka. Mu 2020 anajambula nyimbo zace zakale pamodzi ndi Patience Namadingo, ndipo m'zaka za 2021 ndi 2022 nyimbo ya Linny Hoo inafalikira pa TikTok kufikira maiko akutali, mwini wace ali ndi zaka zoposa 90.

Milandu Itatu Yosatha

Tikaunjika mbiri yonseyi tipeza milandu itatu imene ibwera m'mbadwo uli wonse. Woyamba ndi wa kutenga nyimbo ya wina. Pamudzi nyimbo inali kuyenda pakamwa ndi pakamwa, ndipo woimba anayamikiridwa pa cimene waonjezapo. Mbale ndi ndalama zitafika, kutenga kuja kunayamba kuchedwa kuba. Woweruza wanzeru afunsa ziwiri: kodi woimbayu waonjezapo ciani, ndipo kodi wabvomera kumene anaitenga?

Waciwiri ndi wakuti ndani ayenera kudzudzula. Oimba akonda kunena kuti wosagwira gitala akhale cete. Koma nyimbo aimbira omvera, ndipo wakudya adziwa nsima yosapsa ngakhale sanagwirepo mthiko. Mbali inayi, woimba mnzace aona zimene omvera sangaone, monga kakungidwe ndi kayendedwe ka zala, koma popeza onse awiri ayang'ana cipanda cimodzi, mau ace sacedwa kuyesedwa nsanje. Makutu onse awiri afunika, pakuti liri lonse limva zimene linzace liphonya.

Wacitatu ndi wa malipiro. Woimba amene abvomera kuimbira mowa wokha atsitsa mtengo wa anzace onse, koma kawirikawiri acita cotero cifukwa ca njala. Ndipo umphawi uononga luso lomwe: wosowa ndalama za nsambo zatsopano aimba ndi zadzimbiri, wosowa cakudya alibe nthawi yoyeseza. Amene afuna kaimbidwe kapamwamba osafuna kufupa afanana ndi wofuna mkaka kwa ng'ombe imene saidyetsa.

Mau kwa Aphunzitsi

Kodi tsono inu mudzagwira muyeso uti? Poyamba, musanaweruze funsani kuti nyimboyo ndi ya mtundu wanji ndipo ifuna kucita ciani; ya kwaya muiyese monga ya kwaya, ya banjo monga ya banjo. Kaciwiri, cherani khutu ku mau. Ngati mwana aimba Cicewa copotoka cifukwa cotsata maimbidwe acilendo, mthandizeni kumva kusiyanako, pakuti apa ndi pamene phunziro la cinenero ndi la nyimbo akomana. Kacitatu, lekanitsani zinthu zitatu zimene mabwalo akale anazisakaniza: luso la woimba, khalidwe lace, ndi zokonda zanu. Kacinai, podzudzula chulani malo enieni. Kunena kuti nyimbo ndi yoipa sikuphunzitsa kanthu. Kunena kuti nsambo yacitatu yatsika, kapena kuti ndime yaciwiri ibwereza yoyamba, kupatsa mwana cocita mawa. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma atsine khutu, asadule mutu. Ndipo musaope kudzudzula, pakuti kuyamikira ciri conse ndi njira inanso yonyozera, yosonyeza kuti simunamvetsere.

Potsiriza, kumene mudzatumizidwa mudzapeza woimba wa m'deralo, kaya wa bangwe, kaya wa banjo. Muitaneni kusukulu ndi ulemu woyenera mmisiri, ndipo mumfupe. Mfunseni maina a makungidwe ace, mau amene achulira kuphonya ndi kukhoza, ndi amene anamphunzitsa. Lembani zimenezi m'kope, pamodzi ndi dzina lace, mudzi wace ndi caka, monga anacitira Tracey ndi Kubik. Makope otere, akaunjikana kucokera m'maboma onse, adzatipatsa muyeso wa kaimbidwe wolembedwa m'cinenero ca oimba eni ace, ndipo ana amene mudzawaphunzitsa adzakhala ndi poyambira.